Luis Buñuel, munthu amene adawombera mbuzi kuti dziko lione njala

Chisipanishi ambiri a ife kuno ku Mchinji timachidziwira ku mpira wa La Liga ndi ku masewero a chikondi a pa Telemundo, aja amalira mayi wovala ndolo zagolide chifukwa mwamuna wamuthawa. Koma chinenero chomwecho chili ndi mafilimu ena amene sangakugonekeni tulo. Awa ndi aja amawaonetsa m'maholo a m'mayunivesite, kenako magetsi akayaka wopanga filimuyo amaimirira kutsogolo kuti ophunzira amupanikize ndi mafunso. Mmodzi mwa anthu amene adathandiza kuyambitsa chizolowezi chimenechi ku Spain ndi Luis Buñuel. Adamwalira mu 1983, ambiri a inu musadabadwe, koma ndikufuna ndikusimbireni moyo wake chifukwa mlandu umene adausiya uli m'thumba mwanumo, pa kamera ya foni yanu.

Buñuel adabadwa pa 22 February 1900 ku Calanda, katauni kakang'ono ka m'chigawo cha Aragon. Adali woyamba mwa ana asanu ndi awiri. Bambo ake adakalemerera ku Cuba pa malonda, choncho mnyamatayu njala ankangoionera pazenera. Adaphunzira kwa ansembe a chipani cha Jesuit mumzinda wa Zaragoza, ndipo adatuluka kumeneko ndi zinthu ziwiri zimene sizidamuchoke mpaka kumanda: kukangana ndi mpingo komanso kulephera kuuiwala. Kwawo ku Calanda kuli mwambo woti Lachisanu Loyera anthu mazanamazana amaimba ng'oma usana ndi usiku mpaka manja kutuluka magazi. Ng'oma zimenezo adadzaziika m'mafilimu ake angapo. Ife amene tidakulira pamene ng'oma ya gule imamveka kuchokera kutsidya kwa dambo usiku, tikudziwa kuti phokoso lotere silichoka m'mutu.

Mu 1917 adapita ku Madrid kukachita maphunziro a ukachenjede. Adayamba ndi za ulimi, n'kudumphira ku za tizilombo, n'kukathera ku mbiri yakale. Kunena zoona, sukulu yake yeniyeni idali hositelo imene ankagona, yotchedwa Residencia de Estudiantes. M'menemo adakumana ndi mlakatuli Federico García Lorca komanso wojambula zithunzi Salvador Dalí, onse adakali anyamata osadziwika. Hositeloyi sidali yongogonamo. Inkaitana akatswiri kudzalankhula ndi ophunzira, anthu monga Albert Einstein ndi Marie Curie. Buñuel atasamukira ku Paris mu 1925 n'kuyamba kuphunzira ntchito ya kanema ngati wothandizira wa Jean Epstein, adabwerera ku hositelo ija kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 atanyamula mafilimu achilendo amene nyumba za kanema zamalonda sizikadawaonetsa. Adaimirira kutsogolo, n'kufotokoza, n'kuonetsa. Mwa zimene adaonetsa padali Entr'acte ya René Clair, komanso zithunzi za chipolopolo chikutuluka mumfuti pang'onopang'ono. Mu 1928 ku Madrid kudabadwa kalabu ya kanema ya Cineclub Español, ndipo Buñuel ankathandiza kusankha mafilimu ake ali ku Paris.

Filimu yake yoyamba, Un chien andalou ya mu 1929, adaipanga ndi Dalí pogwiritsa ntchito ndalama za mayi ake. Ndi ya mphindi zosakwana 20, yofupika kuposa zina zimene mumathera nazo bandulo pa YouTube. Imayamba ndi lumo likucheka diso. Lidali diso la ng'ombe yakufa, koma mpaka lero anthu amatembenuza nkhope. Iye mwini adadzafotokoza kuti tsiku loyamba kuionetsa adaima kuseri kwa chinsalu akusintha nyimbo pa galamafoni, m'matumba atadzaza miyala yoti agende nayo anthu akamuukira. Sadamuukire, adamuombera m'manja. Yachiwiri, L'Âge d'or ya mu 1930, ndiyo idautsa mapiri pachigwa: magulu okwiya adalowa m'nyumba ya kanema ku Paris, kuthira inki pachinsalu ndi kuphwanya mipando, ndipo apolisi adailetsa. Idakhala pafupifupi zaka 50 osaonetsedwa poyera.

Apa ndiye pamene nkhani ikuyandikira kwathu.

Kumadzulo kwa Spain, kufupi ndi malire a Portugal, kuli dera lamapiri lotchedwa Las Hurdes. Lidali dera la kumalire limene a ku likulu ankangolikumbukira akafuna chitsanzo cha umphawi. Malungo adali ponseponse, matenda a chithokomiro adatupitsa makosi a anthu ambiri, nthaka idali miyala yokhayokha. Mfumu Alfonso XIII idapitako mu 1922 pamodzi ndi dokotala wotchuka Gregorio Marañón, adajambulitsa zithunzi, adalonjeza, moyo n'kupitirira monga kale. Buñuel adawerenga kafukufuku wa Mfalansa wina, Maurice Legendre, wonena za derali ndipo adafuna kukajambula, koma ndalama adalibe. Mnzake Ramón Acín, mphunzitsi wa zojambulajambula wa ku Huesca, adamulonjeza mwanthabwala kuti akadzapata lotale adzalipira filimuyo. Mwayi sudziwika, aise. Acín adapatadi kumapeto kwa 1932, ndipo adasunga lonjezo: adapereka ndalama za kumeneko zokwana mapeseta 20,000.

Adajambula mu April ndi May 1933, wogwira kamera ali Eli Lotar. Filimuyo, ya pafupifupi theka la ola, imadziwika ndi dzina lakuti Las Hurdes, Tierra sin pan, kutanthauza dziko lopanda buledi. Kwathu kuno tikadati mudzi wosadziwa nsima. Mumaona ana opanda nsapato akuviika zidutswa za buledi m'ngalande ya madzi akuda imene nkhumba zikumweramo. Mumaona mwana wa sukulu wovala sanza akulemba pabolodi phunziro lolemekeza katundu wa ena. Wofotokoza amalankhula ndi mawu ozizira ngati akuwerenga mitengo ya soya pa wailesi, uku kumbuyo kukulira nyimbo yapamwamba ya Brahms. Kusagwirizana kumeneko n'kwadala, ndipo kumapweteka.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti ataionetsa koyamba ku Madrid idalibe mawu, chifukwa ndalama zidatha. Buñuel mwiniwake adagwira maikolofoni n'kumafotokoza zithunzi zikuyenda. Aliyense amene adakhalapo pa benchi mu vidiyo sho pa Kamwendo kapena pa Mkanda, kumvera DJ akumasulira filimu ya Chitchaina m'Chichewa, akudziwa mphamvu ya munthu ameneyo. Chithunzi chimaonetsa munthu akuyenda, basi. DJ ndi amene amakuuzani ngati akupita kukaba kapena kukafunsira mbeta. Amene wagwira maikolofoni ndiye mwini nkhani.

Ndipo Buñuel nkhaniyo adaikometsera. Pali pamene wofotokoza amanena kuti anthuwa amadya nyama ya mbuzi pokhapokha ikaterereka pathanthwe n'kufa yokha, kenako mumaona mbuzi ikugwa kuphompho. Mukayang'anitsitsa m'mphepete mwa chithunzi mumaona utsi wa mfuti. Mbuziyo sidaterereke, idawomberedwa. Bulu amene amaoneka akufa ndi njuchi adachita kumupaka uchi. Anthu a m'derali adadzanenanso kuti imfa zina zimene filimuyo imalengeza sizidachitike monga momwe idanenera. Njala idalipodi, chithokomiro chidalipodi, palibe amatsutsa zimenezo. Koma pofuna kuti anthu okhuta a ku Madrid amve kuwawa, iye adatenga anthu enieni, okhala ndi maina ndi abale, n'kuwasandutsa chizindikiro cha uve ndi umbuli.

Boma lidailetsa filimuyo ponena kuti ikunyozetsa dziko. Ngakhale Marañón, amene ankalidziwa bwino derali, sadaikonde: adafuna kuti aonetsenso zokongola za m'chigawocho. Pamenepa ine ndili mbali ya Buñuel, chifukwa boma likati chithunzi chikunyozetsa dziko, nthawi zambiri limatanthauza kuti chikunyozetsa nduna. Ifenso tidakhala zaka zambiri pansi pa lamulo la mu 1968 lounika mabuku, nyimbo ndi mafilimu, ndipo wailesi ya kanema ya dziko lino idayamba mu 1999 mokha. Koma kukhala mbali yake pa za boma sikundichititsa kukhala mbali yake pa za mbuzi ija, kapenanso pa za anthu a ku Las Hurdes amene kwa zaka makumi ambiri dzina la kwawo lidasanduka chipongwe m'kamwa mwa anzawo a m'mizinda. Ophunzira ndi akatswiri adaionera filimuyo m'maholo, adaikambirana, adailembera mabuku. Eni nkhope zija sadali m'holomo.

Taganizirani zimene zimadutsa pa foni yanu pa sabata imodzi. Wina wapeza gogo wokhala m'nyumba yodontha, wamupatsa thumba la ufa ndi sopo, kamera ili pamphuno, gogoyo akuuzidwa kuti agwade athokoze kachiwirinso chifukwa poyamba sizidajambulike bwino. Wina wajambula munthu wodwala misala pa depoti, anthu n'kumaseka m'makomenti. Ena amachita ndi mtima wabwino ndithu, ndipo thandizo limabweradi. Nyumba zamangidwa chifukwa cha mavidiyo otere. Koma mbuzi imawomberedwabe. Ndipo tidaona kumene njira imeneyi imathera ikafika poipitsitsa. Mu 2022 BBC Africa Eye idaulula za Lu Ke, nzika ya ku China imene inkajambula ana a kwa Njewa ku Lilongwe akunena mawu odzinyoza m'chinenero chimene sankachimva, mavidiyowo n'kumagulitsidwa pa intaneti. Adathawa n'kukagwidwira pa Chipata pompa, kungodutsa Mwami, adabwezedwa kuno, ndipo mu 2023 khoti lidamupeza wolakwa n'kulamula kuti atuluke m'dziko muno. Sindikuti Buñuel ndi Lu Ke ndi amodzi, ayi. Wina ankafuna kuchititsa manyazi olamula, winayo ankafuna ndalama. Koma ana a m'mavidiyo onse awiriwo sadafunsidwe kanthu.

Nkhondo yapachiweniweni itabuka ku Spain mu 1936, anzake adayamba kutha. Lorca adaphedwa mu August chaka chomwecho. Ramón Acín, mwini lotale uja, adawomberedwa ku Huesca ndi a mbali ya Franco mwezi womwewo, ndipo patangopita masiku ochepa mkazi wake Conchita Monrás adaphedwanso. Buñuel adagwirira ntchito boma la Republic ali ku Paris, ndipo zinthu zitaipa adapezeka ali ku America. Adagwirako ntchito ku Museum of Modern Art ku New York mpaka 1943, pamene adakakamizika kusiya chifukwa cha mphekesera zoti ndi wachikomyunizimu komanso wosapembedza. Buku la mnzake wakale Dalí lidathira nawo mafuta pamoto umenewo, ndipo ubwenzi wawo sudabwererenso. Kenako adakakhala ku Hollywood akuyang'anira ntchito yoika mawu a Chisipanishi m'mafilimu a Chingerezi. Inde, nayenso adadyerapo pa ntchito yomasulira mafilimu a eni ake. Zaka zoposa khumi zidadutsa osatulutsa filimu yokhala ndi dzina lake ngati wotsogolera. Pa zaka 46 adali munthu amene adatchukapo kale n'kuiwalika.

Adasamukira ku Mexico mu 1946. Filimu yoyamba kumeneko, Gran Casino, idagwa chagada. Yachiwiri, yanthabwala, idapanga ndalama, ndipo Óscar Dancigers, amene ankaika ndalama, adamulola kupanga ya kumtima kwake. Apa ndi pamene ndimaona kuti munthuyu adali atasintha kagwiridwe ka ntchito. Asadajambule kalikonse adatha miyezi akuyenda m'makomboni a Mexico City atavala zovala zakutha, kumvetsera, kucheza ndi anthu, kuwerenga mafayilo a ana opalamula milandu. Ndipo m'malo monamizira kuti akujambula zoona zokhazokha, adalemba sewero, n'kuuza aliyense kuti ndi sewero lochokera pa zochitika zenizeni.

Filimuyo ndi Los olvidados ya mu 1950, kutanthauza oiwalidwa, ndipo adaijambula m'masabata atatu okha. Ndi nkhani ya ana a m'misewu. Pali Jaibo, wothawa kundende ya ana, wankhanza koma naye wosadziwa bambo ake. Pali Pedro, amene akuyesetsa kukhala mwana wabwino koma mayi ake omwe atopa naye moti amamumana chakudya. Pali kamnyamata kakumudzi kamene bambo ake adakasiya pamsika n'kukauza kuti kadikire, ndipo kakudikirabe. Palinso wakhungu woimba m'misewu amene anawo amamugenda, koma iyenso si mngelo. Apa ndiye pali luso la Buñuel. Osauka ake si oyera mtima ongodikira wachifundo. Amaba, amanama, amakonda, amachitirana nsanje, monga anthu ena onse. Pedro atatumizidwa ku sukulu yosinthira ana khalidwe, yonga ya ku Mpemba, pali pamene amatenga dzira n'kuligenda pa kamera penipeni, chithunzi chonse n'kuyenderera dzira. Dzira limenelo ndi la ife oonera. Kwa ine palibe mphindi ina m'mafilimu ake onse yoposa imeneyo, chifukwa kwa kanthawi kochepa wojambulidwa ndi amene akuyankha. Mapeto ake mtembo wa Pedro ukutayidwa kudzala usiku, utanyamulidwa pa bulu.

A ku Mexico adakwiya koopsa. Ngakhale pojambula, mayi wina wokonza tsitsi la osewera adasiya ntchito ponena kuti palibe mayi wa ku Mexico angakane mwana wake chotero. Filimuyo idachotsedwa m'nyumba ya kanema patangopita masiku ochepa, ndipo ena adafuna kuti mlendoyu apirikitsidwe, ngakhale adali atatenga kale unzika mu 1949. Chidaipulumutsa n'chiyani? Mlakatuli Octavio Paz adaiikira kumbuyo ku chikondwerero cha mafilimu cha Cannes mu 1951, mpaka kumagawa yekha pakhomo kapepala koitamanda, ndipo Buñuel adapata mphoto ya wotsogolera wabwino koposa. Atamva kuti azungu aombera m'manja, kwawo adaibwezeretsa n'kuipatsa mphoto zambirimbiri. Khalidwe limeneli tikulidziwa. Ndi angati a ife tidayamba kufunsa za mafilimu a Shemu Joyah kapena a Joyce Mhango Chavula atayamba atamandidwa kunja? Ndipo Fatsani, ya Gift Sukez Sukali, yonena za mtsikana wovutika ndi moyo wa m'tauni, ndi angati kuno kumalire adaionera yonse?

Mu 2003 bungwe la UNESCO lidaika Los olvidados m'kaundula wa zinthu zimene dziko lonse liyenera kusunga. Imasungidwa ndi nkhokwe ya mafilimu ya yunivesite yaikulu ya ku Mexico, UNAM, ndipo m'nkhokwe momwemo mudapezeka mathero ena osangalatsa, amene adajambulidwa poopa kuti enieniwo akanidwa. M'mathero amenewo Pedro safa, amabwerera kusukulu. Sadagwiritsidwe ntchito. Pa yunivesite yomweyo Buñuel adakalankhulako ndi ophunzira m'zaka za m'ma 1950 za kanema ngati chida cha ndakatulo, ngakhale adali munthu wosakonda kufotokoza tanthauzo la mafilimu ake, komanso makutu adali atayamba kale kugontha.

Zotsatira zake ndi mbiri ya munthu wopambana, ndipo ndidutsamo mwachangu. Mu 1961 boma la Franco lidamulola kubwerera kukajambula ku Spain pofuna kudzionetsa ngati lasintha. Adawapangira Viridiana, nkhani ya mtsikana wofuna usisitere amene amasonkhanitsa opemphapempha m'nyumba kuti awasamalire, iwo n'kuisandutsa bwalo la phwando eni ake atachoka, mpaka kukhala pa tebulo mofanizira chithunzi chotchuka cha Mgonero Womaliza. Idapata mphoto yaikulu ku Cannes, nyuzipepala ya ku Vatican idaidzudzula kuti ndi yonyoza Mulungu, ndipo ku Spain idaletsedwa mpaka 1977. Amene mumakonda kujambula zachifundo zanu, imeneyi muifunefune. Imafunsa ngati wopereka akuthandiza wosauka kapena akudzithandiza yekha. Belle de jour idapata mphoto yaikulu ku Venice mu 1967, ndipo Le Charme discret de la bourgeoisie, yonena za anthu olemera amene akulephera kungokhala pansi n'kudya, idapata Oscar mu 1973. Yomaliza adaitulutsa mu 1977.

Pakhomo pake nkhani idali ina. Munthu amene ankaseka mabanja a olemera ndi malamulo a mpingo adali mwamuna wansanje ndi wolamula. Mkazi wake Jeanne Rucar, amene adakwatirana naye mu 1934 n'kubereka naye ana aamuna awiri, adadzalemba buku iye atamwalira lofotokoza mmene adamuletsera zokonda zake, mpaka piyano yake idaperekedwa kwa anthu ena iye asakufuna. Dzina la bukulo limanena za mkazi wopanda piyano. Ufulu umene Buñuel ankaulalikira pachinsalu sudafike kuchipinda chochezera cha kunyumba kwake. Komabe pa za Acín adakumbukira. Dzina la mnzakeyo lidali litachotsedwa pa filimu ya Las Hurdes, ndipo m'zaka za m'ma 1960, itayambanso kuonetsedwa, Buñuel adalibwezeretsa n'kupereka ndalama kwa ana aakazi awiri amene Acín adasiya amasiye.

Ngati ophunzira athu a ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Bunda angakonze zoonetsa mafilimu otere, ndingakonde ayambe ndi awiriwa motsatizana, Las Hurdes kenako Los olvidados, usiku umodzi. Zida zake si zambiri: pulojekita, chinsalu choyera, sipika, ndi munthu wodziwa kumasulira. Ndipo ndingakonde kuti asathere m'holo ya pasukulu. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Mchinji ndi makilomita ongopitirira 100 pa msewu wa M12. Anyamata a kabaza, osintha ndalama pa Mwami, atsikana ogulitsa mtedza ndi mbatatesi m'mbali mwa msewu, amenewa ndiwo amajambulidwa kawirikawiri, ndipo ali ndi mafunso amene wophunzira wa chaka chachitatu sangawaganize. Wopanga filimu wa kuno akabwera ndi ntchito yake, aime pamaso pa amenewa.

Buñuel adamwalira ku Mexico City pa 29 July 1983 ali ndi zaka 83, atangotulutsa buku la moyo wake limene adalemba mothandizana ndi Jean-Claude Carrière. Patatha zaka zoposa 15, wopanga mafilimu wa ku Netherlands, Ramón Gieling, adapita ku Las Hurdes, adaimika chinsalu pabwalo la mudzi n'kuonetsa filimu ya 1933 ija kwa ana ndi zidzukulu za anthu amene adajambulidwa, pamodzi ndi okalamba ena amene ankakumbukira masiku amenewo. Adajambula zimene adayankha, ndipo filimu yake, yotuluka mu 2000, adaitcha akaidi a Buñuel. Ena adavomera kuti umphawiwo udalikodi. Ambiri adakwiya, akuloza malo amene adanamiziridwa ndi kutchula anthu amene ankawadziwa. Magetsi atayaka, panalibe woti aimirire kutsogolo.